Mphindi Khumi za Mkaka

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi odikira opaleshoni, bedi nambala seveni, pafupi ndi zenera losatsekeka. Kutentha kwa thupi 38.9. Ululu uli pansi pa nthiti za kumanja, ukulasa mpaka kumsana. Maso achita chikasu moti mng'ono wanga atandiona anayamba kupemphera asanandipatse moni. Madokotala akuganiza kuti ndi miyala mu ndulu. Dripu kudzanja lamanzere, jakisoni katatu pa tsiku, osadya kanthu mpaka atanena.

Kabuku aka ndinagulira ntchito. Ndine wofufuza pa koleji ya madokotala yomwe ili kuseri kwa mpanda wa chipatala chino. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikufunsa ophunzira kuti amagona pati, amadya kangati, akapanikizika amadandaulira ndani. Chipatala chino ndachilemba m'malipoti anayi, koma chimbudzi chake ndachiona lero.

Bedi la kumanja kwanga kuli mayi wosoka zovala, wodwala shuga, anamudula chala cha kuphazi sabata yatha. Wodi yonse imawatcha a Telala. Andionetsa kale bala lawo. Ati, "Taonani kasokedweka. Wophunzira wanga atasoka chonchi ndingamubweze kwawo."

Lachiwiri, 4 Juni

38.4. Anditenga magazi timabotolo titatu. Madzi andilola, koma pang'onopang'ono.

Dokotala wamkulu wa wodi ino ndi uja ophunzira amamutcha Chimphepo, chifukwa akalowa mapepala amauluka ndipo anthu amakakamira kukhoma. Ndinkadziwa kuti ndigwera m'manja mwake, za ndulu palibe womuposa. Anabwera cha m'ma eyiti, kumbuyo kwake ophunzira asanu ndi mmodzi a makoti oyera. Anandipatsa moni waulemu, mpaka kutchula udindo wanga wonse. Kenako analoza mtsikana amene anaima kumapeto, wamtali, woonda, koti litamukulira m'mapewa.

"Iwe, bedi ili ndi lako. Koma uzisamala pakamwa, awa amalemba chilichonse."

Anzake anaseka mwaulemu. Iye sanaseke, inenso sindinaseke. Ndi 58, nambala ya fomu yake pa kafukufuku wanga. Dzina lake sindilemba muno. Ndinamulembapo kale kamodzi, zinakwana.

Anabweranso yekha cha m'ma teni ndi fayilo yanga. Anafunsa kuti ululu unayamba liti, umabwera ndikadya chiyani, mkodzo ukuoneka bwanji. Asanandigwire pamimba anayamba wapukusa manja ake kuti afunde. Amanditcha Mayi. Nkhope yake sinandiuze kanthu, ndipo ine ndinayankha mafunso onse ndikuyang'ana botolo la dripu.

Lachitatu, 5 Juni

38.1. Ululu watsikako ndi jakisoni. Ndilembe za 58, poti mutu lero ukugwira.

Chaka chatha mu Malichi ndinagawa mafomu 212 kwa ophunzira. Pamwamba pa fomu iliyonse panali mawu amene ndinalemba ndekha, akuti palibe amene adzadziwe kuti woyankha ndinu. Kumapeto kunali mizere isanu yoti munthu anene zina zilizonse. Ambiri analemba za madzi ndi nsikidzi za m'mahositelo. Fomu nambala 58 inadzaza mizere yonse n'kupitirira kuseri. Mawu ake ndimawadziwa pamtima: "Ndikapempha mphindi khumi zokafinya mkaka, dokotala wamkulu amanena pamaso pa odwala kuti, 'Tsegulani khola, ng'ombe yathu ikakamidwe.' Tsiku lina ndinaopa kupempha, mkaka unatulukira pakoti, ndipo anandiimika kutsogolo kuti anzanga aone."

Ife ofufuza mawu otere timawakonda. Manambala amagonetsa anthu pamsonkhano, mawu a munthu amawadzutsa. Ndinachita zonse zomwe tinaphunzitsidwa. Ndinachotsa zaka zake, ndinachotsa chaka cha maphunziro, ndinachotsa dzina la wodi. Ndinasiya mkaka. Pakoleji ponse woyamwitsa anali mmodzi, ndipo sindinafunse aliyense. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mawuwo ndinawaonetsa pakhoma, zilembo zikuluzikulu, pamsonkhano wa akuluakulu a koleji. Ena anapukusa mitu, pomaliza anandiombera m'manja. Chimphepo anali mzere wakutsogolo. Pa nthawi ya tiyi anandipeza akumwetulira, ati, "Ntchito yabwino, mayi. Ameneyo ndikumudziwa."

Patapita miyezi itatu zotsatira zinatuluka. Mmodzi yekha analephera mayeso a pabedi la wodwala, ndipo woyesa wamkulu anali Chimphepo. Anamubweza chaka chonse. Ndinakafunsa kwa mlembi wa koleji, anandiuza kuti ndi uja wa khanda, n'kundilozera pazenera akudutsa. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota, ndinabwerera ku ofesi n'kupitiriza ntchito. Ndinadziuza kuti mwina analepheradi. Lipoti linasindikizidwa, ine ndinakwezedwa pantchito.

Ndili ndi manyazi. Mlandu suwola, wanga wandipeza nditavala chovala chotseguka kumbuyo.

Lachinayi, 6 Juni

39.2. Kusanza m'mawa wonse. Asintha mankhwala.

58 anandigwirira beseni n'kundipukuta pakamwa. Ndinati zikomo. Ndi mawu okhawo amene ndamuuza asanandifunse.

Lachisanu, 7 Juni

37.9. Mankhwala atsopano agwira. Anandikankha panjinga ya odwala kupita ku sikani yojambula m'mimba, tinadikira maola awiri m'khonde. Miyala ilipo itatu, umodzi watseka njira. Opaleshoni Lachinayi likubwerali, 13 Juni, ngati thupi silitenthanso. Adzachita Chimphepo mwini wake. Andilola phala lamadzimadzi lopanda mafuta.

Masana namwino wamkulu anabwera ndi pepala. Lachiwiri ophunzira ali ndi mayeso awo omaliza a pabedi, ndipo akufuna odwala ovomera kuyezedwa. Chikasu changa ati n'chabwino pophunzitsira. Ndinasaina. Aka n'koyamba kuti munthu ayamikire maso anga chiyambireni kudwala.

Namwino atachoka a Telala anandikodola. Iwo agona muno milungu itatu, za m'wodi muno amazidziwa kuposa mafayilo.

"Adokotala aang'ono anuwo ndiye ali pamoto. Akalephera kachiwiri amawathamangitsa, zaka zisanu ndi chimodzi zonse kulowa m'madzi. Dokotala wamkulu ujanso sindikudziwa anamulakwira chiyani. Mwana amabwera woyamba, amachoka womaliza, koma tsiku lililonse ndi iye."

Ndinati n'zachisoni. A Telala ati, "Inu si ophunzira kwambiri? Simungamunenereko?" Ndinati ndiona. Ndinatembenukira kuzenera ngati ululu wabwera.

Loweruka, 8 Juni

37.4. Bambo akunyumba abwera ndi supu wopanda mafuta, nthochi ndi mapepala a kuchimbudzi. Supu ndamwa theka, nthochi ndapatsa a Telala ngakhale sakuloledwa.

Ndinawauza zonse, chapansipansi, katani titakoka. Chaka chonse sindinawauzepo. Anamvetsera akusenda nthochi yomwe sanadye. Kenako anati, "Mayi a ana, ndamva, ndipo si zabwino. Koma munthu amene akung'ambe mimba Lachinayi usamupute Lolemba. Chira kaye, za anthu uzione pambuyo."

Ndinati pambuyo mayeso adzakhala atatha. Anati madzi akatayika saoleka. Ndinati awa sanatayike onse. Anati, "Ana athu ali ndi mayi mmodzi."

Ndinawakwiyira, koma ndinakwiya chifukwa ananena zomwe ine ndakhala ndikudziuza kuyambira Lachiwiri. Ndikuopa mpeni wa munthu uja. Sindikhulupirira kuti angandipweteke dala. Koma sindinakhulupirirenso kuti angalepheretse mwana dala.

Lamulungu, 9 Juni

37.0. Kulibe raundi ya madokotala. Gulu la amayi linabwera kudzaimba, a Telala anawakonzera nyimbo ziwiri zomwe ati akuziimba molakwika.

Ndalemba kalata yopita kwa mkulu wa koleji, masamba atatu ochotsa m'kabuku kano. Ndafotokoza za fomu ija, za msonkhano, za mawu amene Chimphepo anandiuza pa tiyi. Ndatchula dzina la wophunzirayo ndi nambala yake, n'kupempha kuti Lachiwiri amuyese munthu wina. Mng'ono wanga wavomera kukaipereka mawa masana.

Nditamaliza mtima unapepuka koyamba. Ndinadya phala lonse n'kupempha lina.

Lolemba, 10 Juni

36.8. Magazi aonetsa kuti chikasu chikutsika.

Ndilembe mwadongosolo, ndisadzikometsere.

58 anabwera cha m'ma leveni kudzasintha singano ya dripu, yakale inatupitsa dzanja. Ndinamupempha akoke katani. Ndinati ndili ndi mawu. Anapitiriza kufunafuna mtsempha. Ndinati fomu nambala 58 ndinaiwerenga ndine, pakhoma ndinaiika ndine, ndipo ndinalakwa.

"Ndikudziwa, Mayi. Finyani chibakera."

Ndinafinya. Singano inalowa kamodzi. Ndinafunsa kuti anadziwa liti. Anati tsiku la msonkhano lomwelo, chifukwa madzulo ake dokotala wamkulu anamuwerengera mawu ake onse pamaso pa anzake, osaphonya ngakhale limodzi. Nkhope yanga ati anaidziwa kalekale, ndine ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kulumbira kuti palibe adzadziwe.

Ndinatulutsa kalata pansi pa pilo. Ndikuvomera, ndinkayembekezera kuti aona kuti ndine munthu. Anamata pulasitala, anavula magolovesi, n'kuiwerenga yonse ataimirira. Anaipinda momwe inalili.

"Mwalemba dzina langa."

Ndinati inde, kuti amuthandize.

"Mwandifunsa?"

Anandibwezera kalatayo m'manja.

"Mayi, kalata iyi ikafika lero, mkulu wa koleji aitana ndani? Aitana adokotala aakulu omwewo, amadyera limodzi. Mayeso sasintha, koma ine ndilowa ndili wodandaula kawiri. Inu muchira, mubwerera ku ofesi. Chaka chatha munandithandiza osandifunsa, ndinataya chaka. Chonde musandithandizenso."

Sanakweze mawu. Ndinati nanga ndichite chiyani. Anati, "Gonani, muchire. Mawa musanene kanthu kwa aliyense, ngakhale mumve zotani." Ndinalonjeza. Anayang'ana dripu ngati ikudontha bwino, analemba m'fayilo, natsegula katani.

A Telala anali chigonere chagada, maso kudenga. Katani si khoma. Patapita nthawi anati, "Nsalu ya mwini sadula usanamuyeze." Tsiku lonse sanandilankhulenso, nthochi yanga anaibweza.

Mng'ono wanga atabwera ndinamuuza kuti kalata sipita. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuphunzitsa anthu kupempha chilolezo, ndipo dzulo ndinalemba masamba atatu osaganizako n'komwe.

Lachiwiri, 11 Juni

Tsiku la mayeso. Anakolopa kawiri, anatipatsa nsalu zatsopano za pabedi zomwe ndikukhulupirira azitenganso mawa. Oyesa ndi awiri, Chimphepo ndi dokotala wachizimayi wa imvi wochokera ku koleji ina. Wophunzira aliyense amapatsidwa wodwala amene sanamuonepo. Ine anandipatsa wina wonjenjemera, anandifunsa kawiri ngati ndili ndi pakati.

58 anamupatsa bedi loyang'anizana ndi langa. Panagonekedwa dzulo mtsikana wa khanda la milungu isanu ndi umodzi, bere lake lamanzere latupa n'kuchita mafinya. Sindikudziwa ngati zinangochitika kapena wina anasankha. Anakoka katani, koma zonse zinkamveka.

Anafotokoza bwino, mwadongosolo, osathamanga. Atamaliza ndinamva Chimphepo akuti, "Apa ndiye pakwanu, katswiri wathu wa mkaka. Tiuze, ng'ombe ikadwala bere timaitani?"

Kalata inali pansi pa pilo. Dzanja langa linali pomwepo.

58 anati, "Mayi uyu timuchotsa mafinya, timupatsa mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa ululu."

Dokotala wa imvi anafunsa, "Nanga mwana? Asiye kuyamwa?"

"Ayi. Apitirize kuyamwitsa, bere lodwalalo azilifinya ngati mwana sangathe. Akasiya mkaka umadzadza, matenda amakula. Ndipo mkaka ukauma kubwerera n'kovuta. Mayi asasiyitsidwe ngati njira ina ilipo."

Kenako ndinamva dokotala wa imvi akufunsa mofatsa, "Adokotala, za ng'ombe zija mumatanthauza chiyani? Sindinamve bwino." Chimphepo anati ndi nthabwala za m'wodi muno. Mayiyo anati, "Oho," ndipo cholembera chake chinamveka papepala.

Potuluka dokotala wa imviyo anadutsa pafupi ndi bedi langa moti ndikanatha kumugwira koti. Anandifunsa ngati ophunzira sananditopetse. Ndinati ayi. Ndinasunga lonjezo. Koma sindikudziwa ngati ndinakhala chete chifukwa cholemekeza mawu a mtsikana uja kapena chifukwa cha Lachinayi. Zonse ziwiri zinkafuna chinthu chimodzi, ndipo zinandikomera kuti zatero.

Zotsatira Lolemba.

Lachitatu, 12 Juni

36.7. Dokotala wogonetsa anabwera, anandiyang'ana mano ndi kukhosi. Kusala kudya kuyambira madzulo. Ndasaina.

Chimphepo anakhala pamphepete mwa bedi n'kundijambulira ndulu papepala, kundionetsa pomwe adule ndi zomwe zingavute. Anafotokoza moleza mtima, bwino kuposa aliyense. Ndinamuthokoza kwambiri, mopitirira muyezo. Ndinadzimva ndekha ndikuseka nthabwala yake.

A Telala ayambanso kundilankhula. Ati andipempherera, "ngakhale muli ndi mlandu."

Lachisanu, 14 Juni

Zinatheka dzulo. Maola awiri ndi theka. Paipi pamimba. Ludzu.

Loweruka, 15 Juni

Ndakhala tsonga. Ndayenda mpaka pakhomo, namwino atandigwira. Kutsokomola ndi chilango. Miyala andipatsa m'kabotolo, bambo akunyumba akuionetsa aliyense wobwera.

Posintha bandeji a Telala anasuzumira. Anayang'ana nthawi yaitali, ati, "Koma apa ndiye pasokedwa. Munthu woipa pakamwa, manja a golide. Mulungu amagawa modabwitsa."

Ndili moyo chifukwa cha manja amenewo. Sindikudziwa poika zimenezi.

Lolemba, 17 Juni

36.6. Achotsa paipi. Ndadya mpunga pang'ono ndi masamba. Mawa ndituluka.

Zotsatira anazimata cha m'ma thuu. Namwino wamkulu ndiye anabweretsa uthenga m'wodi: 58 wakhoza. Ati dokotala wa imvi anam'patsa malikisi okwera moti wina aliyense sakanatha kuwatsitsa mpaka pansi. A Telala anavina ndi mapewa ali pabedi. Ine ndinalira, bala likukoka.

Iye sanabwere lero. Mumtima ndayamba kale kudziuza kuti basi zatha bwino, chaka chimodzi si moyo wonse. Ndimadzikhululukira msanga, ndi matenda anga enanso amenewo.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndatuluka. Mankhwala a masiku asanu, kubwera kudzachotsa ulusi pa 24, osanyamula zolemera milungu isanu ndi umodzi. Ndikulemba ndili kunyumba.

A Telala anandipatsa nambala yawo ya foni, ati ndawonda, madiresi onse afunika kubweza.

Cha m'ma thwelofu ndinakhala pabenchi la m'khonde, bambo akunyumba atapita kukasendeza galimoto. Inali nthawi yoona odwala, anthu akulowa ndi mabasiketi. 58 anatulukira ku wodi, koti lili pamkono. Ndinamuitana. Ndinati ndamva, ndakondwa kwambiri, zatha bwino.

"Ndakhoza, inde," anatero.

Ndinafunsa za kalata. Anati ndidikire atenge kaye pepala lake la udokotala m'manja, kenako ndilembe, chifukwa m'kalasi ya m'munsi muli awiri oyembekezera. "Koma muyambe ndi zomwe munachita inu. Ndipo ndiione isanapite." Ndinavomera.

Akulankhula choncho maso ake anali kuchipata. Kunabwera mayi wachikulire, chikwama kudzanja, kumbuyo atabereka kamtsikana. Anali amayi ake, ayenda ulendo wa maola asanu ndi awiri atamva za mayeso. Anamutsitsa mwanayo n'kumuimika pansi. Kali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, kamutu ndi maso ngati mayi ake.

58 anaponya koti pabenchi, ananjuta, natambasula manja. Mwanayo anamuyang'ana, kenako anabisa nkhope m'nsalu ya agogo ake.

"Pita kwa amayi ako," anatero agogowo. "Si awa amayi ako? Aja a pafoni aja."

Mwanayo anasuzumira, ati, "Anti." Nabisalanso.

Agogowo anaseka mochititsa manyazi, ati azolowera, ana amatero. 58 sanadzuke. Analankhula osandiyang'ana, mawu ake omwe aja a pa raundi.

"Utatha msonkhano wanu uja ndinasiya kupempha mphindi khumi. Milungu iwiri mkaka unauma. Anali ndi miyezi isanu, ndinamupititsa kwa amayi. Ndinkati ndikamutenga ndikamaliza mu Juni. Ndiye Juni wake anakhala uno."

Pepani anali pakamwa, koma ndinaona kuti ndikamunena ndiye kuti ndikupemphanso kanthu kwa iye. Agogowo anandiyang'ana, anaona bandeji ndi thumba la mankhwala, nafunsa kuti awa ndani.

"Wodwala wanga, bedi seveni."

"Wakusamalani bwino mwana wangayu, mayi?"

Ndinati bwino kwambiri.

"Ndiye muzimukumbukira m'mapemphero. Wavutika, sukulu yake yatalika, sitikudziwa chinachitika n'chiyani."

Sanawauze. Chinsinsi changa wachisunga chaka chonse, ine chake ndinachisunga milungu itatu.

Galimoto inaimba hutala pachipata. Ndinadzuka pang'onopang'ono, dzanja pabala. Nditacheuka pakhomo anali akadali chonjuta, manja ali chitambasulire, akudikira.